Kodi Munthu Angasinthe Mtima Umene Anabadwa Nawo?

Pa milandu ya m'banja imene ankhoswe amakamba pali mawu ena amene sachedwa kutuluka. Mphasa yayalidwa pansi pa mtengo wa mango, ankhoswe akuchimuna akhala uku, akuchikazi uko, ana awauza kuti akasewere kutali. Mayi akufotokoza dandaulo lake maso ali pansi, kwinaku akutokosa dothi ndi kamtengo: bambo akaweruka kuntchito salankhula, nsima amadya ali duu, alendo akabwera amangopereka moni n'kulowa kuchipinda, moti abale akuchikazi anasiya kuponda pakhomopo. Nkhoswe yakuchikazi ikuomba m'manja pang'ono n'kutembenukira kwa mwamunayo.

"Alamu, mwamva zimene anena achemwaliwa. Inu mukutipo bwanji?"

"Ine ndi mmene ndinabadwira, alamu. Afunseni amalume ali apawa. Chiyambire ubwana wanga sindine wolongolola."

M'mudzi wina mawu omwewo amatuluka pakamwa pa munthu amene wagulula mkazi wake dzino ndi chibakera. Nayenso amati ndi chibadwa: mtima wake ndi wapachala, bambo ake anali otero, agogo ake chimodzimodzi. Amuna awiriwa athawira ku mawu amodzi, koma milandu yawo ndi yosiyana kutalitali. Ankhoswe amene satha kuisiyanitsa amalakwitsa chiweruzo: mwina amaumiriza wofatsa uja kuti asanduke munthu wina, kapena amamasula wankhanzayo ngati kuti Mulungu ndiye anam'patsa chilolezo chomenya.

Funsoli ndi lakale, ndipo azipembedzo ndi anthu oganiza mozama alimbana nalo kwa zaka mazanamazana. Ngati Namalenga anaumba munthu ndi mtima wakutiwakuti, angamuimbe bwanji mlandu chifukwa cha mtima womwewo? Ngati munthu amasintha, amasintha mpaka pati? Nanga amene amagona naye nyumba imodzi ayembekezere chiyani, ndipo alekerere chiyani?

M'mimba ndi m'chipala

Makolo anaona kalekale kuti ana oyamwa bere limodzi amakula ndi mitima yosiyana, n'chifukwa chake anati m'mimba ndi m'chipala: posulira pamodzi pamatuluka khasu, nkhwangwa ndi mkondo. Buku la Genesis, mutu 25, likusimba zomwezo za mapasa a Isake ndi Rebeka. Esau anali mlenje, munthu wakuthengo. Yakobo anali wofatsa, wokonda kukhala pakhomo. Kusiyanako sikunali tchimo. Chimene chinasokoneza banjalo ndi tsankho la makolo: Isake anakonda Esau chifukwa cha nyama imene ankabweretsa, Rebeka anakonda Yakobo. Mapeto ake anali chinyengo, chiopsezo cha kuphana, ndi zaka 20 zimene Yakobo anakhala kwa malume ake Labani, kutali ndi m'bale wake.

Asayansi anadzaona zimene makolo ankanena. M'chaka cha 1989, Jerome Kagan wa pa yunivesite ya Harvard ku America, pamodzi ndi anzake, anayamba kuyesa makanda pafupifupi 500 a miyezi 4. Khanda ankalikhazika pakampando, n'kumaliyendetsera zidole zamawangamawanga kumaso, kulimvetsa mawu a anthu achilendo ojambulidwa pa tepi, ndi kulinunkhitsa kathonje ka fungo lamphamvu. Makanda pafupifupi 20 mwa 100 alionse ankaphiriphitha, kupinda msana, kuponya miyendo ndi kulira kwambiri. Pafupifupi 40 mwa 100 ankangoyang'ana ali phee. Anawa anali asanapite kusukulu, asanalangizidwe ndi wina aliyense, komabe mitima yawo inali itasiyana kale.

Kagan anawatsatira anawo mpaka kukula. Ambiri mwa olira aja, atayamba kuyenda, ankachita manyazi ndi mantha pamaso pa alendo. Pamene ankasinkhuka, ochuluka anaphunzira kucheza ndi anzawo ngati ana ena onse, koma ndi ochepa kwambiri amene anasanduka olimba mtima kotheratu, a mtundu wolowa pagulu lachilendo popanda kugunda mtima. Iye anatsimikiza kuti chibadwa sichilamula chimene mwana adzakhale. Chimangotseka njira zina, n'kusiya zambiri zili zotsegula.

Umboni wina unachokera kwa mapasa. Kuyambira mu 1979, Thomas Bouchard wa pa yunivesite ya Minnesota anasonkhanitsa mapasa ofanana amene analekanitsidwa ali makanda n'kuleredwa m'mabanja osiyana. Anapeza kuti mitima yawo inkafanana pafupifupi mmene amafananira mapasa okulira nyumba imodzi. Akatswiri ena ataphatikiza kafukufuku wambiri wotere mu 2015, anawerengera kuti mwa kusiyana konse kwa mitima ya anthu, magawo pafupifupi 40 mwa 100 amachokera kumtundu. Choncho munthu akanena kuti anabadwa wosalongolola, nthawi zambiri sakunama. Koma magawo 60 otsalawo ndi ochuluka kuposa a kumtundu aja.

Kodi madzi saiwaladi khwawa?

Amene amati munthu sasintha ali ndi mwambi wawo: madzi saiwala khwawa. Komabe moyo wa anthu ukauyang'ana kwa nthawi yaitali umaonetsa zina. Mu 2006, Brent Roberts wa pa yunivesite ya Illinois ndi anzake anaunika kafukufuku 92 wotsatira anthu omwewo kwa zaka zambiri. Anapeza kuti anthu ambiri akamakula amakhala odalirika pa ntchito ndi odekha mtima kuposa kale, ndipo kusintha kwakukulu kumachitika pakati pa zaka 20 ndi 40, nthawi imene munthu amayamba ntchito, kulowa m'banja ndi kulera ana. Mu 2017 anaunikanso kafukufuku 207 wa anthu olandira uphungu, n'kupeza kuti pa masabata pafupifupi 24 mitima inkasintha mooneka, makamaka pa nkhawa ndi kutekeseka msanga. Udindo umaumba munthu, ndipo thandizo limafulumizitsa ntchitoyo.

Azipembedzo anafika pa mfundoyi kalekale. Al-Ghazali, mphunzitsi wamkulu wa Chisilamu amene anabadwa mu 1058 ku Tus, m'dziko limene lero ndi Iran, n'kumwalira mu 1111, anakumana ndi anthu onena kuti khalidwe silisintha monga mmene msinkhu susinthira. M'buku lake la Ihya Ulum al-Din anawayankha kuti zikanakhala choncho, malangizo ndi maulaliki onse akanakhala opanda ntchito. Anatinso ngati hatchi ndi galu zimaphunzitsika, munthu angalephere bwanji? Koma sanalonjeze zosatheka. Anapereka chitsanzo cha njere ya tende: ukaisamalira imakula n'kukhala mtengo wa tende, koma ngakhale uithirire chotani singabereke maapozi. Kwa iye cholinga sichinali kuzula mkwiyo kapena chilakolako mumtima, popeza munthu wopanda mkwiyo sangathe kudziteteza, koma kuziweta kuti zimvere nzeru.

Akhristu anakangana pa mbali ina ya funso lomweli. Pelagius, wochokera ku Britain amene ankaphunzitsa ku Rome cha m'ma 400, ankati munthu ali ndi mphamvu zokwanira mwa iye yekha zomvera Mulungu ngati atafunitsitsa. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, anakana: chifuniro cha munthu n'chodwala, ndipo popanda chisomo sichingadzuke. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 unagwirizana ndi Augustine. Chofunika kuona n'chakuti awiriwa ankatsutsana za kumene mphamvu yosinthira imachokera. Palibe mwa iwo amene anaphunzitsa kuti wochimwa akhale mmene alili chifukwa anabadwa choncho.

Apa mpamene pagona nkhani. Kufulumira kupsa mtima kungakhale kobadwa nako, koma chimene dzanja limachita mtima ukapsa ndi chophunzira, ndipo chophunzira chimasiyika. Mwamuna wa mtima wapachala uja akatukwanidwa ndi bwana kuntchito amaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Pepani bwana, sizichitikanso." Wapolisi akamuimitsa pamsewu n'kumuchedwetsa, amaseka naye. Pabwalo la mfumu amakhala pansi, chipewa chili m'manja. Mkwiyo umene akuti sangaugwire amaugwira tsiku lonse pamaso pa anthu amene angamubwezere, n'kukaumasula madzulo kwa munthu amene sangabwezere. Ameneyo amadziwa kudziletsa. Wangosankha woti amulemekeze ndi woti amupondereze.

Umunthu si kufanana

Kuno kwathu munthu sadziwika payekha. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Akatswiri a zaumulungu a ku Malawi monga Augustine Musopole ndi Harvey Sindima alemba mabuku ofotokoza kuti umunthu umamera ndi kukula pakati pa anthu. Koma kodi mudzi uli ndi mphamvu zotani pa munthu mmodzi? Pa funso limeneli anthu awiri oganiza mozama a kumadzulo kwa Africa anasiyana maganizo. Ifeanyi Menkiti wa ku Nigeria analemba mu 1984 kuti munthu sabadwa ali munthu wathunthu. Amafikapo pokwaniritsa udindo wake kwa anzake, ndipo akhoza kulephera. Mchewa sangadabwe nazo, popeza wankhanza amamunena kuti si munthu. Kwame Gyekye wa ku Ghana, m'buku lake la 1997, anati Menkiti wapyola muyeso: aliyense amabadwa ndi nzeru zake, chifuniro chake ndi ulemerero wake, zimene mudzi sunam'patse ndipo sungamulande.

Onse awiri anagwira mbali ya choona. Ku South Africa, mu kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2012, akatswiri anapempha anthu oposa 1,200 olankhula zinenero 11 za dzikolo kuti afotokoze anthu amene amawadziwa bwino. Zambiri zimene ananena zinali zokhudza kukhala ndi ena: kusunga mtendere, chifundo, kulangiza ndi kukweza anzako. M'chigawo chino cha Africa munthu amayesedwa poona mmene amakhalira ndi anzake, ndipo chimenecho ndi chuma.

Chumachi chili ndi ngozi yake. Mudzi umatha kusokoneza phokoso ndi chikondi. Mtengwa amene amatunga madzi pamjigo n'kubwerera osaima pamiseche amatchedwa wodzimva. Mkamwini wosakonda kukhala pabawo amati ndi wamatama. Gogo amene amakonda kukhala yekha pakhonde amayamba kulozedwa zala mwana akadwala m'mudzi. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a m'dera la Chipata ku Zambia n'kulemba buku lake mu 1965, anapeza kuti kunenerana ufiti kunkachitika kwambiri pakati pa anthu apachibale, makamaka a mbumba imodzi, kumene mkangano sungakambidwe poyera. Pamene pali chidani chobisika, munthu wosiyana ndi anzake ndiye amayamba kugwa m'mavuto, ngakhale kuti lamulo la ku Malawi la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Muyeso wabwino ulipo, ndipo mudzi umaudziwa. Maliro akagwa, wosalankhula uja ndi amene amafika m'bandakucha ndi mtolo wa nkhuni, kapena amalowa m'dzenje ndi adzukulu mpaka manda atatha. Mayi wotchedwa wodzimva ndi amene amagona pasiwa masiku onse, n'kumatsuka mbale anzake atabalalika. Umunthu umaoneka pamenepo. Ngati munthu amasenza nawo katundu wa anzake, kuchepa kwa mawu ake si mlandu.

Uthenga Wabwino wa Luka, mutu 10, ukuonetsa alongo awiri a ku Betaniya. Marita ali jijirijijiri ndi zophika, Mariya wakhala pansi akumvetsera mlendo wawo, Yesu. Marita anadandaula, koma Yesu sanamutumize Mariya kukhitchini. Pa Yohane 11, mlongo wawo Lazaro atamwalira, ndi Marita yemweyo amene anathamanga kukamuchingamira Yesu panjira n'kuvomereza chikhulupiriro chake poyera, pamene Mariya anatsala m'nyumba. Mutu womwewo ukunena kuti Yesu ankawakonda onse. Aliyense anali ndi tsiku limene mtima wake unafunika.

Pansi pa denga limodzi

Palibe malo amene kusiyana kwa mitima kumapweteka kuposa m'banja. Georges Reniers, atafufuza m'midzi ya ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka, analemba mu 2003 kuti maukwati 40 mpaka 65 mwa 100 amatha, malinga ndi dera. Zifukwa ndi zambiri, koma mawu amene amamveka kawirikawiri kwa ankhoswe ndi kubwalo la milandu ndi akuti "sitigwirizana". Ambiri amakhulupirira kuti akanapeza wofanana naye mtima, zonse zikanayenda.

Kafukufuku sakuvomereza zimenezo. John Gottman wa pa yunivesite ya Washington ku Seattle anakhala zaka zambiri akujambula mabanja a ku America akukambirana zimene amasiyana. Anapeza kuti mikangano 69 mwa 100 ndi yosatha: wina amakonda alendo, wina bata, wina amasunga ndalama, wina dzanja lake ndi lotambasuka, wina amafika msanga, wina mochedwa. Mabanja okondwa nawonso anali ndi mikangano yotereyi, ndipo ankakalamba nayo. Chimene chinkalosera kutha kwa banja koposa zonse chinali kunyoza. Kwathu kuno kunyoza kumamveka m'kutsonya, m'kuseka mnzako pamaso pa ana, m'mawu ngati akuti "kodi kwanu anakulerani bwanji?" Mawu oterewa samudzudzula munthu pa chimene wachita, amamuuza kuti iye mwini ndi wachabechabe.

Mu 2020, Samantha Joel ndi Paul Eastwick anatsogolera gulu la akatswiri amene anaphatikiza kafukufuku 43 wa mabanja ndi zibwenzi zoposa 11,000. Chimene chinkalosera bwino kukhutira kwa munthu sichinali mtundu wa mtima wa mnzake. Zinali zinthu zimene awiriwo amanga pakati pawo: kukhulupirira kuti mnzanguyu wadzipereka, kumuyamikira, ndi kuchepa kwa mikangano. Wolongolola ndi wofatsa akhoza kukhala bwino zaka 50 ngati wolongololayo aphunzira kuti kukhala chete si chidani, ndipo wofatsayo aphunzira kukhala ndi alendo ngakhale kwa theka la ola, kufunsa za kumudzi, asanapite kukapuma. Palibe amene wasanduka munthu wina, koma aliyense wayendako mtunda umene chibadwa chake chimalola.

Pachilangizo anankungwi ndi amayi a kumpingo amauza mkwatibwi kuti banja ndi kupirira. Malangizowa ndi anzeru akamanena za mkonono, za mwamuna wosadziwa kucheza, za mkazi wochedwa kukonzeka. Amasanduka msampha akamanena za ndodo. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 amene anakwatiwapo ku Malawi anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira mu 2006. Nkhoswe kapena mbusa amene amabweza mayi wovulala kunyumba ndi mawu akuti "amuna anuwa ndi mmene alili, muziwapirira" waika dzina la Mulungu pa chinthu chimene Mulungu sanalenge. Amamulakwiranso mwamunayo, chifukwa wamuuza kuti palibe chiyembekezo choti angakhale wabwino kuposa lero.

Paulo, Barnaba ndi mnyamata amene anathawa

Ngakhale atumwi sanafanane mitima. Buku la Machitidwe, mutu 13, likunena kuti pa ulendo woyamba wa Paulo ndi Barnaba, mnyamata Yohane Marko anawasiya ku Pamfuliya n'kubwerera ku Yerusalemu. Pokonzekera ulendo wachiwiri ku Antiokeya, Barnaba anafuna kumutenganso. Paulo anakanitsitsa: munthu amene anathawa ntchito sangadaliridwe. Mutu 15 ukunena kuti anakangana kwambiri mpaka anapatukana. Barnaba anatenga Marko kupita ku Kupro, Paulo anasankha Sila n'kulowera ku Suriya ndi Kilikiya.

Aliyense anachita monga mwa mtima wake. Paulo anali wachangu, woika ntchito patsogolo. Barnaba anali woleza, wokonda kupatsa munthu mwayi wina. Ndi iye amene kale anamugwira dzanja Paulo yemweyo n'kupita naye kwa atumwi, pamene onse ku Yerusalemu ankamuopa chifukwa cha mbiri yake yozunza mpingo. Marko analinso msuweni wa Barnaba. Luka, wolemba nkhaniyi, sanagamule kuti wolakwa ndani. Anangoonetsa kuti pamene panali gulu limodzi la alaliki panatuluka magulu awiri.

Zaka zitapita, dzina la Marko likupezekanso m'makalata a Paulo. Pa Akolose 4, Paulo ali m'ndende, Marko ali naye pafupi, ndipo akupempha mpingo kuti udzamulandire. M'kalata yachiwiri kwa Timoteo akupempha kuti abwere naye Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Paulo sanasiye kulankhula mosapsatira. Makalata ake omaliza akutchulabe mayina a amene anamusiya. Chimene anasintha ndi chigamulo chake pa munthu mmodzi, ataona kuti mnyamata wamantha uja wakhwima. Ndipo Markoyo anakhwimira m'manja mwa msuweni amene anakana kumuweruza ndi tsiku limodzi loipa. Mbiri yakale ya mpingo imati Marko ameneyu ndiye analemba buku lachiwiri la Uthenga Wabwino, ndipo Akhristu a mpingo wa Coptic ku Egypt amawerenga atsogoleri awo kuyambira pa iye. Papa Tawadros II, amene anasankhidwa mu 2012, ndi wa nambala 118 pampando umenewo.